GALASI LA MITIMA: ZA TSANKHO NDI MANKHWALA ACHE

Mkangano woyamba umene udabuka mu Eklezia wa Ambuye Yezu sudali wa chiphunzitso ai, udali wa chakudya. Buku la Machitidwe a Apostoli, pa mutu 6, lisimba kuti Akristu a ku Yerusalemu adali a magulu awiri: Ayuda olankhula chinenero cha makolo ao, ndi Ayuda olankhula Chigriki, amene ambiri a iwo adachokera ku maiko akunja. Onsewo adalandira ubatizo umodzi, onsewo ankanyema Mkate umodzi. Koma pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, akazi amasiye a gulu lachiwirilo ankalumphidwa. Malembo sachula munthu amene adalamula zimenezi, pakuti tsankho kawirikawiri silisowa wolilamula. Dzanja la wogawa lingopita lokha kwa amene wogawayo awadziwa.

Apostoli sadanene kuti odandaulawo ngoyambitsa chisokonezo, ndipo sadabise nkhaniyo poopa kuchititsa Eklezia manyazi. Adaitana gulu lonse la okhulupirira, nalifotokozera mlanduwo, ndipo gululo lidasankha amuna 7 oti ayang'anire nchito yogawa. Maina a amuna onsewo, kuyambira Stefano kufikira Nikolasi wa ku Antiokia, ngachigriki. Zioneka kuti chipande chidaperekedwa kwa mbali yomwe ija idali kumanidwa.

Tsiku limenelo Apostoli adachita zinthu ziwiri: adabvomera kuona bala, ndipo adafuna mankhwala ache. Nchito ziwiri zomwezi adazigwiranso anthu ena ophunzira a ku America pakati pa chaka cha 1930 ndi chaka cha 1970. Ku dziko limenelo ukapolo udatha m'chaka cha 1865, koma m'zigawo za kumwera malamulo adapitirira kulekanitsa anthu akuda ndi Azungu pa sukulu, m'sitima, m'chipatala, ngakhale ku manda. Ophunzirawo adafuna kudziwa chimene chili m'mitima ya anthu, ndipo adachifufuza mwa kufunsa, kuyesa ndi kuwerenga. Kufufuza kotere kufanana ndi kuja achita Mkristu asanapite kukalapa, kungoti wofufuzidwa ndi mtundu wathunthu. Chotero mwana wa Eklezia sayenera kukuopa, pakuti choona chilichonse, ngakhale chitulukire pakamwa pa yani, mwini wache ndi Mulungu.

Zidole zinai

Kenneth Clark ndi mkazi wache Mamie Phipps Clark adali anthu akuda, onse awiri akatswiri a maphunziro a maganizo a munthu. Iwo adatenga zidole 4 zofanana m'zonse kupatula khungu ndi tsitsi: ziwiri zoderapo za tsitsi lakuda, ziwiri zoyera za tsitsi lachikasu. Adaziika pamaso pa ana akuda 253 a zaka za pakati pa 3 ndi 7, ena a ku Arkansas kumwera, ena a ku Massachusetts kumpoto. Mwana aliyense payekha adapemphedwa kuti aloze chidole chimene afuna kusewera nacho, chimene chili chabwino, ndi chimene chioneka choipa. Zotsatira zache zidasindikizidwa m'chaka cha 1947. Pafupifupi ana awiri mwa atatu alionse adafuna kusewera ndi chidole choyera, ndipo oposa theka adaloza chidole choderapo kuti ndicho choipa.

Funso lotsiriza ndilo lidali lolasa. Mwanayo adapemphedwa kuti apereke chidole chofanana ndi iye mwini. Pamenepo ana ena adazengereza, ena adayamba kulira, ena adathawa m'chipindamo. Dzanja lomwe lija lidangoloza kumene chidole choipa lidayenera tsopano kubwerera komweko ndi kubvomera kuti choipacho ndiye mwini dzanja.

Apa pali poyenera kuima. Ana amenewa sadawerengepo buku la malamulo. Palibe amene adawakhazika pansi nawaphunzitsa kuti adzinyoze. Adaziwerenga pa nkhope za anthu, adazimva m'mau a ogulitsa m'sitolo, adaziona pa khomo limene amai ao adayenera kulowera. Ana a kumpoto, kumene masukulu adali osakanikirana, adakonda chidole choyera koposa anzao a kumwera. Ndiye kuti lamulo lolembedwa silidali lokha lophunzitsa, chizolowezi cha anthu chidali kuphunzitsanso. Makolo adati mmera mpoyamba. Chimene chabzalidwa mu mtima wa mwana wa zaka 3 chidzabala zipatso pa zaka 30.

Katekismu aphunzitsa kuti munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndi kuti onse adaomboledwa ndi Magazi amodzi. Tsono wophunzitsa mwana kunyansidwa ndi nkhope yache amphunzitsa kunyoza nchito ya Mlengi. Ambuye Yezu adachenjeza ndi mau oopsa, ochula mphero yomangiriridwa m'khosi, munthu aliyense wolakwitsa mmodzi wa ang'onoang'ono. Chenjezo limenelo siligwera okha olemba malamulo oipa, ligweranso kholo loseka mtundu wina pa mkeka ana ali kumva.

Misozi ya anawo sidagwe pachabe. Pa 17 May 1954 Bwalo Lalikulu la milandu la dziko la America, pa mlandu wochedwa Brown, lidagamula kuti kulekanitsa ana pa sukulu chifukwa cha khungu nkosemphana ndi malamulo a dzikolo. Oweruza onse 9 adagwirizana, ndipo pa chigamulo chao adachula nchito ya Clark pakati pa maumboni osonyeza kuti kulekanitsako kubvulaza mtima wa mwana.

Pakamwa ndi pakhomo

Kufufuza kwina kudaulula chinthu chodabwitsa. Richard LaPiere, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya Stanford, adayenda mamailosi pafupifupi 10,000 m'dziko la America pakati pa 1930 ndi 1932, pamodzi ndi mnyamata wa ku China ndi mkazi wache. Masiku amenewo anthu a ku China adali onyozedwa kwambiri kumeneko. Atatuwo adafika pa nyumba 251 zogona alendo ndi zodyera, ndipo adakanidwa pa nyumba imodzi yokha. Patapita miyezi 6 LaPiere adalembera makalata eni nyumbazo, nawafunsa ngati angalandire alendo a mtundu wa ku China. Adayankha 128, ndipo oposa 90 mwa 100 alionse adati sangawalandire.

Ophunzira ena adaonapo zoperewera pa kuyesaku: woyankha kalata mwina sadali yemwe uja adalandira alendowo, ndiponso alendowo adali kuyenda ndi Mzungu. Komabe phunziro lache lidatsala. Nkwapafupi kukana mtundu wosauona, nkobvuta kukana munthu woimirira pa khomo, wotopa ndi ulendo, wopereka moni mwaulemu. Tsankho lidya dzina la gulu. Likakumana ndi nkhope, kawirikawiri lifooka. Ndiponso chimene munthu anena za mtundu wina nthawi zambiri sichichokera pa zimene adaona, koma pa zimene aganiza kuti anzache ayembekeza kumva.

Nthendayi idagwira ngakhale Petulo Woyera. Mulungu adamuonetsa m'masomphenya kuti asayese munthu aliyense wodetsedwa, ndipo iye adalowa m'nyumba ya Kornelio, msilikali wachiroma, nalamula kuti abatizidwe. Ku Antiokia adali kudya pamodzi ndi Akristu a mitundu ina popanda chobvuta. Koma atafika anthu ena ochokera ku Yerusalemu, Petulo adayamba kudzipatula, ndipo Barnaba yemwe adatengeka naye. Chikhulupiriro cha Petulo sichidasinthe. Adasintha ndi maso amene adali kumyang'ana. Paulo Woyera, monga asimba m'kalata yache kwa Agalatia pa mutu 2, adamdzudzula pamaso pa onse, pakuti adazindikira kuti kusamuka pa mbale kudali kukana Mthenga Wabwino ndi miyendo pamene pakamwa padali kuubvomera. Ambiri osankhana mitundu sali anthu a chidani, ali anthu a mantha. Aopa kusekedwa ndi a kwao. Koma kwa wosiyidwa yekha pa mbale, kuwawa kwache nkumodzimodzi.

Anyamata a ku Robbers Cave

Ngati tsankho lichita kuphunziridwa, kodi lingathe kuiwalika? Muzafer Sherif, wobadwira ku Turkey, adayesa funso limeneli m'chaka cha 1954 pa malo a nkhalango ochedwa Robbers Cave ku Oklahoma. Adasonkhanitsa anyamata 22 a zaka ngati 11, onse Azungu, onse Aprotestanti, onse a mabanja okhazikika, osadziwana kale. Adawagawa pawiri, nawapikisanitsa pa masewera a mphotho. Pa masiku owerengeka ana ofanana m'zonsewo adasanduka adani: adatukwanana, adatenthana mbendera, adathyolerana zipinda usiku. Njira yoputa dala udani pakati pa ana njokaikitsa, ndipo ena adaidzudzula moyenera. Komabe idaonetsa kuti khungu ndi chinenero si ndizo zibala chidani. Chikwanira ndi mzere wolekanitsa ndi mphotho yolimbirana.

Chofunika koposa ndi chimene chidatsatira. Poyamba anyamatawo adakhazikidwa pamodzi kuti adye ndi kuonera kanema, koma adangoponyerana zakudya. Kukhala pafupi kokha sikudathandize. Pambuyo pache madzi a pa msasapo adaleka kutuluka, ndipo magulu onse awiri adayenera kulondola mipope kuti apeze chobvuta. Tsiku lina galimoto lokatenga chakudya lidakana kulira, ndipo onse adagwira chingwe chimodzi nalikoka. Zobvutazi adazikonza dala ofufuzawo, koma thukuta la anyamatawo lidali lenileni. Potsiriza iwo eni adapempha kuti abwerere kwao pa basi imodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo zala zimene zaswera nsabwe pamodzi sizifulumira kulozana.

M'chaka chomwecho cha 1954 Gordon Allport wa ku Harvard adatulutsa buku lache la tsankho, m'mene adafotokoza kuti kukumana kwa magulu odana kuchiza ngati pali zinthu zinai. Choyamba, okumanawo akhale pa msinkhu umodzi, osati bwana ndi wanchito wache. Chachiwiri, akhale ndi cholinga chimodzi. Chachitatu, agwirizane pochifuna m'malo mopikisana. Chachinai, akulu, malamulo ndi mwambo zikhale kumbuyo kwao. M'chaka cha 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp adasonkhanitsa zofufuza 515 zochitika m'maiko 38, napeza kuti pa 94 mwa 100 zilizonse, anthu odziwana ndi a gulu lina adali ndi tsankho lochepa, ndipo kuti phindu likula pamene zinthu zinai zija zilipo. Mwa zinaizo choyamba ndicho chiiwalika msanga. M'zigawo za kumwera kwa America Azungu ambiri adaleredwa ndi akazi akuda, nadya chophikidwa ndi manja ao zaka zambiri, koma tsankho silidathe, pakuti wina adali pa mpando, wina ku khichini.

Mau owawa kwa opemphera

Galasi silisankha nkhope, ndipo lidafika pa khomo la chalichi. M'chaka cha 1967 Allport ndi mnzache Michael Ross adalemba kuti, kuwerengera onse pamodzi, anthu opita ku chalichi ku America adali ndi tsankho loposa la anthu osapitako. Mau amenewa ngowawa, ndipo Mkristu sayenera kuwalavula msanga. Koma ofufuzawo adaonanso china. Opempherawo adali a mitundu iwiri. Ena chipembedzo chidali chobvala chao, chowapezera ulemu, mabwenzi ndi mtendere wa mumtima. Mwa amenewa ndimo tsankho lidachuluka. Ena chipembedzo chidali moyo wao weniweni, cholamula zochita zao zonse. Mwa amenewa tsankho lidali lochepa. Woyamba agwiritsa Mulungu nchito, wachiwiri agwirira Mulungu nchito. Za woyambayo makolo adanena kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbiri ya Akatolika a ku America ichitira umboni mau amenewa. M'chaka cha 1838 ansembe Achijezuiti a ku Maryland adagulitsa akapolo 272. Augustus Tolton, amene adabadwa kapolo, sadapeze seminale ya m'dziko lache yomlandira, kotero kuti adakaphunzira ku Roma, nadzozedwa unsembe kumeneko m'chaka cha 1886. M'machalichi ambiri a kumwera Akristu akuda ankakhala kumbuyo, nalandira Ukaristia Azungu onse atatha. Ndipo m'chaka cha 1955, pa mudzi wa Jesuit Bend ku Louisiana, Akristu ena adatsekereza wansembe wakuda amene adatumidwa kukachita Misa, namubweza. Adasankha kukhala opanda Nsembe ya Kristu koposa kuilandira kuchokera m'manja akuda. Eklezia ngwoyera chifukwa cha Mutu wache, koma ana ache ngochimwa, ndipo kubisa machimo ao sikumlemekeza.

Abusa amene adalimba mtima

Padali abusa amene adakumbuka udindo wao. M'chaka cha 1947, zaka 7 Bwalo Lalikulu lisanagamule, Arkiepiskopi Joseph Ritter wa ku St. Louis adalamula kuti masukulu onse Achikatolika a m'dayosizi yache alandire ana akuda. Makolo mazanamazana adasonkhana nafuna kumtengera ku bwalo la milandu. Iye adalemba kalata imene idawerengedwa m'machalichi onse, yochenjeza kuti wochita zimenezo adzichotsa yekha mu Eklezia. Gulu la makolowo lidabalalika, ndipo ana adakhala pa benchi imodzi.

Ku New Orleans Arkiepiskopi Joseph Rummel adakumana ndi nkhondo yaitali. M'chaka cha 1953 adaletsa kulekanitsa anthu m'machalichi. Atamva za ku Jesuit Bend adatseka kachalichi ka pamenepo. M'chaka cha 1956 adalengeza kuti kulekanitsa mitundu ndi chimo. Otsutsa adamnyoza, ena adaleka kupereka mtulo, ndipo iye adachedwa zaka zingapo asanakhudze masukulu, kuchedwa kumene Akristu akuda adakumva kuwawa. Koma m'chaka cha 1962, ali nkhalamba ya zaka 85 ndi maso ofooka, adalamula kuti masukulu atsegukire onse, ndipo pa 16 April adachotsa mu Eklezia atsogoleri atatu a otsutsawo. Abusa amenewa sadadikire kuti mitima iyambe yasintha. Adasintha mabenchi, ndipo mitima yambiri idatsata pambuyo. Ichi ndi chachinai chija adanena Allport, ndipo ndi chomwe adachita Apostoli ku Yerusalemu.

Pa 7 December 1965 Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican udatsimikiza chiphunzitsochi kwa Eklezia yense, m'chikalata chochedwa Gaudium et Spes: kusala munthu pa maufulu ache chifukwa ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa cha mtundu, khungu, umphawi, chinenero kapena chipembedzo chache, nkosemphana ndi kufuna kwa Mulungu ndipo kuyenera kuzulidwa.

Chimene chitsalira Mkristu

Wowerenga angathe kunena kuti izi nza kutali, za Azungu ndi akuda a tsidya la nyanja. Komatu anyamata a ku Robbers Cave adali a khungu limodzi, ndipo akazi amasiye a ku Yerusalemu adali a mtundu umodzi ndi owalumphawo. Kulikonse kumene kuli anthu kuli mzere: wa pfuko, wa chigawo, wa chinenero, wa chuma, wa maphunziro, wa chilema, wa nthenda. Ndipo woima ku mbali yabwino ya mzerewo kawirikawiri sauona konse. Nchifukwa chache munthu sangathe kudziweruza yekha pa mlanduwu. Ayenera kufunsa olumphidwawo, ndi kupirira pomva yankho lao.

Mpingo uliwonse ungathe kuchita kufufuza kwache popanda buku kapena ndalama. Akulu a mpingo awerenge maina a amene adasankhidwa pa maudindo zaka 10 zapitazo, naone ngati onse achokera ku mabanja omwewo. Aone amene akhala kumbuyo pa Misa ndi amene sabweranso. Aone maliro amene anthu adzaza ndi maliro amene apita anthu owerengeka. Kholo lidzifunse za mau amene ana ache amva pa chakudya chamadzulo, ndi za yankho limene lingapereke mwana wache atabwera ndi wofuna kukwatirana naye wa mtundu wina. Mphunzitsi adzifunse za mwana amene dzanja lache silimloza. Zopezekazo zisathere pa kudandaula ai, zipite nazo ku Sakramenti la Kulapa, pakuti tsankho ndi chimo lolakwira chilungamo ndi chikondi, loyenera kuululidwa monga kuba ndi bodza.

Pambuyo pa kulapa pabwere kukonza, ndipo njira yache yadziwika. Kulalika kokha sikukwanira, phwando la tsiku limodzi silikwanira. Osiyanawo apatsidwe nchito imodzi imene sangaithe popanda anzao: kuumba njerwa za sukulu, kukumba chitsime, kulima munda wa odwala, kudikira pa maliro. Agwire ngati ofanana, ndipo wonyozeka uja nthawi zina akhale ndiye wogwira buku la ndalama ndi wogawa nchito. Wansembe, katekisti ndi akulu a mpingo aime poyera kumbuyo kwa zimenezi, ngakhale opereka mtulo waukulu ang'ung'udze.

Lamulungu lililonse Akristu afola pa mzere umodzi kupita ku guwa, natsegula pakamwa ngati ana a mbalame, onse osowa, onse odyetsedwa ndi dzanja limodzi. Pamenepo palibe wogula, palibe woyenerera. Wobwerera ku mpando wache atanyamula Kristu mumtima, nasendeza thupi kuti lisakhudze mnzache amene wanyamula Kristu yemweyo, adzitsutsa yekha. Pa tsiku la chiweruzo Mfumu idzadzizindikiritsa mwa anjala, alendo, odwala ndi am'ndende, ndipo ambiri adzadabwa poona nkhope imene idabvala. Mulungu, Atate a mitundu yonse, apatse ana ache chaulere chakuti aizindikire nkhopeyo nthawi ikalipo. Amen.